Kuzungulira Zomba pa galimoto ya hayala: tsiku limodzi lingakwanire chiyani?

Kuchokera ku Domasi kukafika pakati pa mzinda wa Zomba ndi mtunda wosakwana makilomita 20, ndipo ambiri a ife timauyenda mwezi ndi mwezi. Timakwera minibasi kapena Sienta pamsewu wa M3, kudutsa pa Songani ndi pa Chinamwali, kukatsikira kudepoti, kugula zimene tafuna mumsika, kuima pamzere kubanki, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Munthu atha kumaliza zaka zinayi za maphunziro akunena kuti Zomba amaidziwa, chonsecho chimene akudziwa ndi depoti, msika ndi banki basi.

Vuto si ulesi ayi. Zomba ndi malo atatu osanjikizana. Pamwamba pali phiri, limene nsonga yake yotchedwa Malumbe imapitirira mamita 2,000. Pakati, m'tsinde mwa phirilo, pali mzinda umene unali likulu la dziko lino kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975. Kumunsi, chakum'mawa, kuli chigwa cha mpunga chimene chimakathera kunyanja ya Chilwa. Minibasi zimatsata msewu waukulu umene umadutsa pakatipo, pamene kuli anthu okwera, koma sizikwera kuphiri kukakuonetsani mathithi, ndipo sizingakudikireni pamene mukuwerenga mayina pachipilala. Apa ndi pamene galimoto ya hayala imagwira ntchito imene minibasi singaigwire: imalumikiza malo atatuwa. Koma ndi yodula, ndipo gulu limene silinakonzekere litha kuilipira tsiku lathunthu n'kuiendetsa maola awiri okha.

Galimoto yake iti, ndipo ya yani?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupita kukampani yobwereketsa magalimoto. Makampani akuluakulu a ntchitoyi ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo kwa ife a ku Domasi zimenezi zili ndi tanthauzo pathumba. Makampani ambiri amalipiritsa pa tsiku, n'kukupatsani makilomita angapo oti muyende pa tsikulo. Mukapyola pamenepo, kilomita iliyonse ili ndi mtengo wake. Kukatenga galimoto ku Blantyre, kubwera nayo ku Domasi ndi kukaibwezanso ndi ulendo woposa makilomita 150, musanaone chilichonse. Choncho funso loyamba si lakuti "pa tsiku ndi zingati?" koma lakuti "pa tsikulo muli makilomita angati?"

Funso lachiwiri ndi la inshuwalansi. Anthu ambiri akamva kuti galimoto ili ndi inshuwalansi mtima umakhala pansi, osadziwa kuti m'mgwirizano muli gawo la ndalama limene wobwereka amalipira yekha pakachitika ngozi, inshuwalansi isanayambe kulipira. M'mapepala amalilemba kuti excess. Funsani kuti ndi zingati, ndipo funsaninso za matayala ndi galasi lakutsogolo, chifukwa kawirikawiri zimenezi zimakhala kunja kwa inshuwalansi, pamene ndi zomwezo zimene zimaonongeka msanga m'misewu ya miyala. Palinso dipoziti, imene imabwezedwa galimoto ikabwerera bwino, ndi malamulo a zaka: makampani ambiri safuna woyendetsa wamng'ono kapena amene wangotenga kumene laisensi. Wophunzira amene anakhoza mayeso oyendetsa chaka chatha asadabwe akamubweza.

Njira yachiwiri ndi imene ambiri timaidziwa, yogwirizana ndi mwini galimoto wa konkuno, wa Sienta kapena Noah, kuti atiyendetse tsiku lonse. Kwa gulu la ophunzira, ine ndimaona kuti njira yokhala ndi dalaivala wakewake ndiyo yanzeru, kaya galimotoyo ndi ya kampani kapena ya munthu. Udindo wa galimoto umakhala m'manja mwa mwini wake, ndipo palibe mnzanu amene adzasenze ngongole ya bampala pamene ena nonse mwabwerera ku hositelo. Chofunika ndi kumanga mfundo musananyamuke: mukupita kuti ndi kuti, mafuta agula ndani, mubwerera nthawi yanji, ndipo mukachedwa muwonjezera zingati. Zilembeni, ngakhale pa WhatsApp. Chimene sindingalimbikitse ndi kubwereka galimoto ya munthu wamba, kumulipira, n'kuiyendetsa nokha. Inshuwalansi ya galimoto yoyendera mwini wake nthawi zambiri siikhudza galimoto imene yachititsidwa hayala, ndipo zimenezi zimadziwika ngozi itachitika kale.

Kwa ife osunga Sabata pali kanthu kena kowerengera. Makampani amawerenga tsiku ngati maola 24 kuchokera pamene mwalandira makiyi. Mukatenga galimoto Lachisanu kuti mukayende Lamulungu, mulipira tsiku lonse limene galimotoyo yangokhala pabwalo. Kambiranani zoti muilandire Lamulungu m'mamawa, kapena sankhani tsiku la tchuthi cha boma. Masiku ngati 14 Meyi ndi 6 Julayi amagwa m'nyengo yopanda mvula, pamene misewu ya dothi yauma ndipo kumwamba sikunadzaze utsi wa moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala.

Musanakwere, izungulireni galimotoyo ndi foni m'manja, mujambule paliponse pamene pali chokanda kapena chophwanyika, mujambulenso nambala ya makilomita ndi mlingo wa mafuta. Onani kuti tayala lapadera lili ndi mpweya, jeke ndi sipanala zilimo, ndiponso kuti mapepala a COF ndi inshuwalansi omata pagalasi sanathe ntchito, chifukwa apolisi apamsewu akakuimitsani adzayamba kuona zimenezo. Ndipo mipando ikakhala isanu ndi iwiri, anthunso akhale asanu ndi awiri. Chizolowezi cha m'minibasi chothithikana anayianayi chisakwere nawo phiri.

Kuphiri m'mawa

Yambani ndi phiri, ndipo thirani mafuta m'tauni chifukwa pamwamba palibe pothira. Kuchokera m'tauni kukafika pa hotela ya Sunbird Ku Chawe ndi makilomita pafupifupi 10 a msewu wa phula wokhotakhota, ndipo galimoto iliyonse yabwino imakwera. M'mbali mwa msewu mudzapeza anyamata ogulitsa sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya, ena ogulitsa miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri omwewa. Mudzakumananso ndi amayi osenza nkhuni, abambo otsika ndi matabwa pamutu kapena panjinga, ndi malole a mitengo ya paini. Onsewa msewu ndi wawonso, ndipo pokhota simuwaona msanga.

Musanafike pa Ku Chawe kapena mutangodutsa, imani pa damu la Mulunguzi. Madzi amene amatuluka m'mipopi ya mumzinda wa Zomba amachokera pamenepa, ndipo munthu akaima m'mphepete mwake n'kuyang'ana zitunda zimene zametedwa mitengo, nkhani ya kudula nkhalango imasiya kukhala ya m'buku la jogalafe. Mtsinje womwewu wa Mulunguzi ndi umene uli ndi mathithi a Mandala ndi a Williams, ndipo onse awiri amafikika mosavuta. Pa Williams ndi pamene magulu ambiri amadyera kamba wawo.

Kupyola pamenepo phula limatha, ndipo apa ndi pamene mtundu wa galimoto umayamba kuwerengedwa. Misewu yopita ku Queen's View, ku Emperor's View ndi ku Chingwe's Hole ndi ya dothi ndi miyala, yodulidwa ndi madzi a mvula ndi matayala a malole. Galimoto yotsika pansi ngati Sienta, itadzaza anthu, imakhula mimba pamiyala. M'chilimwe dalaivala woleza mtima atha kufika malo ena, koma m'dzinja pamafunika galimoto yokwera, yokoka ndi matayala onse anayi. Makampani ena amalemberatu m'mgwirizano kuti galimoto yaing'ono isachoke pa phula. Ngati yanu ndi yotero, isiyeni pamalo otetezeka, mutenge mmodzi wa olondolera alendo amene amapezeka pafupi ndi hotela, muyende pansi. Ndi bwino kutopa miyendo kusiyana ndi kuboola thanki pakati pa nkhalango.

Mayina a malo awiriwa ali ndi mbiri. Queen's View anaitcha choncho chifukwa cha mayi wa Mfumukazi Elizabeth II, amene anacheza m'dziko muno mu 1957, tikadali pansi pa Angerezi ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Emperor's View ndi chikumbutso cha Haile Selassie wa ku Ethiopia, amene anabwera mu 1965, patangopita chaka chimodzi tilandire ufulu, ndipo mpaka lero a chipembedzo cha Rasta amawalemekeza malowa. Zaka zisanu ndi zitatu zokha zikulekanitsa alendo awiriwa, koma wina anabwera kudzaona dziko lolamulidwa ndi kwawo, wina kudzaona dziko lodzilamulira. Kukakhala kowala, kuchokera pamenepa mumaona mzinda wonse pansi panu, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndi phiri la Mulanje kutali chakummwera. Chiperoni chikagwa simuona ngakhale mtengo umene uli patsogolo panu, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ana phirilo muli pansi musanawononge mafuta.

Chingwe's Hole ili mbali ina, kumadzulo, moyang'ana chigwa cha Shire. Ndi dzenje lakuya lobisika m'mitengo, ndipo nkhani zimene anthu amasimba n'zakuti kalekale ankaponyamo adani a mafumu kapena odwala khate. Dzenjelo palokha silioneka mochititsa chidwi. Chimene chimalipira ulendowo ndi phompho limene lili pafupi nalo, pamene dziko limangotsetsereka mpaka ku Shire. Koma ndi kutali, msewu wake ndi wovuta, ndipo gulu la tsiku limodzi liyenera kusankha pakati pa kumeneku ndi mbali ya Emperor's View. Ife a ku Domasi tili ndi chifukwa china choyang'anira kumpoto tikakhala pamwambapo: chigwa chimene chimalekanitsa phiri la Zomba ndi la Malosa ndi cha mtsinje wathu womwewu wa Domasi.

Kutsika ndiye koopsa kuposa kukwera. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Dalaivala akatsika makilomita onsewo phazi lili pa buleki, zitsulo zimatentha mopyola muyeso, mafuta a mabuleki amatha kuwira, ndipo buleki imayamba kulowa pansi osagwira. Mankhwala ake ndi kutsika ndi giya yaing'ono, yachiwiri kapena yoyamba pamalo otsetsereka kwambiri, kuti injini izigwira galimoto. Pa galimoto ya otomatiki, chotsani pa D muike pa 2 kapena pa L. Kuzimitsa injini kapena kuika pa nyutirolo pofuna kupulumutsa mafuta, monga amachitira madalaivala ena, ndi kusewera ndi miyoyo ya anthu. Mukamva fungo la chinthu chopserera, uzani dalaivala aime pambali mabuleki azizire, ngakhale akhale wamkulu kwa inu.

M'tauni masana, koma wapansi

Mukatsika, galimoto ipumule. Zomba wakale anamangidwa pamalo aang'ono m'mbali mwa phiri, misewu yake ndi yopapatiza, ndipo zambiri zoti muone zili moyandikana. Kuyendetsa galimoto kuchoka panyumba ina kupita pa ina kumangokubisirani zinthu.

Poyambira pabwino ndi kumunda wa zomera wa Botanic Gardens, umene unayambitsidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene anabwera ndi Harry Johnston. Unali munda woyeserera mbewu ndi mitengo yochokera kunja, kuona ngati ingachite bwino kuno. Mtsinje wa Mulunguzi, umene munauona pamwamba, umadutsa m'mundamu. Chapafupi pali nyumba ya nsanja ziwiri zosongoka imene anthu amaidziwa kuti Masongola. Inamangidwa cha m'ma 1886 ndi John Buchanan, Msikoti amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre n'kudzayamba kulima khofi ku Zomba, ndipo inali nyumba ya kazembe wa Britain. Johnston atalengezedwa kukhala wolamulira mu 1891 anakhala m'nyumba imeneyi, ndipo Zomba inakhala likulu m'malo mwa Blantyre, kumene amishoni ndi amalonda anali atakhazikika kale ndipo anali ndi mawu ambiri.

Kuchoka apo mumadutsa maofesi akale a boma a njerwa zofiira ndi makhonde aatali, mpaka kunyumba yakale ya malamulo. Anthu ambiri amaganiza kuti zonse zinasamuka mu 1975, pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anasamutsira likulu ku Lilongwe mothandizidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa. Koma aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka mu 1994. Ndiye kuti malamulo amene anakhazikitsa chipani chimodzi mu 1966, ndi amene anachithetsa pambuyo pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, onse anadutsa m'nyumba yomweyi. Ndi nyumba yaing'ono modabwitsa poyerekeza ndi zimene zinachitikiramo.

Sikuti zonse zinapita. Ku Zomba kukadali National Archives, kumene kumasungidwa makalata ndi mabuku a mbiri ya dziko lino, kukadali National Statistical Office ndi MANEB, imene tonse tinadutsa m'manja mwake. Wophunzira amene akulemba kafukufuku wa mbiri ya mpingo kapena ya sukulu apite ku Archives tsiku la ntchito, pakuti Lamulungu ndi pa tchuthi amapeza potseka. University of Malawi, imene ambiri timaitchabe Chanco, inasamukira kuno kuchokera ku Chichiri mu 1973, ndipo mwina ndi imene inapulumutsa mzindawu kuti usagone tulo boma litachoka. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mumzindawu.

Galimoto idzafunikanso popita kuchipilala cha King's African Rifles, chakumapeto kwa tauni mbali ya ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks. Ndi nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a dziko lino amene anafa pankhondo, makamaka yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Khalanipo kanthawi muwerenge mayinawo. Ndi mayina a kwathu konkuno, a anyamata amene anakafera m'nkhondo imene sanaiyambitse, ndipo pambali pawo panali anthu zikwizikwi a mtengatenga amene anasenza katundu wa nkhondoyo, ambiri osabwerera. Mbali yomweyo kuli ndende yaikulu ya Zomba, imene akaidi ake anajambula nyimbo zomwe zinafika pa mndandanda wopikisana pa mphoto za Grammy mu 2016. Chenjezo limodzi: kubalaki, kundende ndi ku State House si malo ojambula zithunzi. Foni ilowe m'thumba musanauzidwe.

Chilwa ndi ulendo wa tsiku lina

Magulu ambiri amafuna kuthira nyanja ya Chilwa m'tsiku lomwelo, poti galimoto talipira kale. Pamapu zimaoneka zotheka, chifukwa kuchokera m'tauni kukafika padoko la Kachulu, kukhotera pa Matawale, ndi makilomita pafupifupi 30. Koma mbali yaikulu ya msewuwo siyothamangamo, ndipo mvula ikagwa dothi la m'chigwamo limagwira matayala. Mukaphatikiza phiri, tauni ndi nyanja, mudzaona zonse kudzera pawindo.

Chilwa payokha ndi yoyenera tsiku lake. Ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi: Domasi, Likangala, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo, madziwo n'kumachoka ndi dzuwa lokha. N'chifukwa chake imakula ndi kuchepa motsatira mvula, ndipo inaphweratu mu 1968 ndi mu 1995, n'kutsala pang'ono kutero mu 2018. Inakhala malo oyamba m'dziko muno kulowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zam'madzi. Matemba amene timadya ku Domasi ambiri amachokera kumeneku, ndipo asodzi ena amakhala pamadzi pomwepo m'tinyumba toyandama totchedwa zimbowera. Kuchokera pa Kachulu mabwato amawolotsa anthu kupita ku Chisi. Musasambe m'nyanjayi chifukwa cha likodzo, tengani madzi anu akumwa, ndipo funsani za msewu ndi za kuchuluka kwa madzi kwa anthu amene abwerako sabata yomweyo, pakuti chaka china doko limakhala kutali ndi madzi.

Ngati patsala ola limodzi pobwerera, ligwiritseni ntchito kwathu konkuno. Mishoni ya Domasi inatsegulidwa mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa Church of Scotland, amene anagwira ntchito yaikulu yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chiyao, ndipo ndi yakale kuposa boma la atsamunda la ku Zomba. Mu 1929 kunatsegulidwa Jeanes Training Centre yophunzitsa aphunzitsi ndi atsogoleri a m'midzi, ndipo mwambo wophunzitsa aphunzitsi ukupitirira lero ku Domasi College of Education ndi ku Malawi Institute of Education. Ambiri timadutsa zikwangwani zake tsiku ndi tsiku osakhotako.

Nyamukani m'tauni isanakwane hafu pasiti folo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mdima umagwa isanakwane sikisi, ndipo msewu wa M3 pakati pa Chinamwali ndi Domasi madzulo umadzaza ndi njinga za kabaza zopanda nyali, anthu oyenda pansi ndi ana, makamaka pa Songani tsiku la msika. Pobweza galimoto, thirani mafuta kufika pamene munawapeza, jambulaninso nambala ya makilomita, ndipo muizungulire limodzi ndi mwini wake kukadali kowala, dipoziti isanakambidwe.